Nyimbo wapeka wekha, ndiye ukaimvetse kuti kuti akuuze zoona? WhatsApp, Facebook, TikTok, YouTube kapena kometera tsitsi

Chaka chatha ndinamaliza nyimbo yomwe ndinaivutikira miyezi itatu, kuipeka, kuiyimba, kuijambula pa foni ndi app yojambulira nyimbo ya BandLab usiku anthu atagona kuno ku Chilomoni, chifukwa masana ndi phokoso la njinga za kabaza komanso ana akusewera panja sungajambule kanthu. Nditaimaliza ndinaiponya pa status ya WhatsApp ndipo pofika m'mawa mayankho anali mbwee, ena "moto", ena "mwaitha man", ena kachizindikiro ka moto katatukatatu, msuweni wanga wa ku Bangwe mpaka analemba kuti iyi ndiye ya chaka. Mtima unakhala m'malo, sindinama. Koma patatha sabata titakumana ku Limbe ndinamufunsa msuweni yemweyo kuti aise vesi yachiwiri ija waiona bwanji, iye anangondiyang'ana nkufunsa kuti kodi ili ndi vesi yachiwiri? Anali atangomva kachidutswa ka pa status kaja basi, nyimbo yonse yomwe ndinamutumizira payekha sanaitsegule nkomwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyesa njira zosiyanasiyana zomvera maganizo a anthu pa nyimbo zanga, ndipo ndalemba izi chifukwa mafana ambiri omwe ndimakumana nawo m'timastudio ta ku Ndirande ndi Zingwangwa ali ndi vuto lomweli, nyimbo ali nazo, foni ali nayo, koma wowauza zoona alibe. Chomwe ndaona ine nchoti njira iliyonse imayankha funso lakelake, ndiye timalakwitsa tikamafunsa anzathu a pa WhatsApp funso lomwe akanayankha bwino ndi DJ, kapena kumadikira kuti TikTok itiuze ngati vesi yachitatu ili ndi nzeru. Mawu oti "yabeba" amakoma kumva koma sungakonzere kanthu, chomwe chimathandiza ndi munthu kapena chida chomwe chingakuuze kuti pa sekondi yakuti mpomwe ndinatopa, liwu lakuti sindinalimve, apa ndinafuna kuvina koma ng'oma inandisiya.

Tiyambe ndi WhatsApp poti ndi komwe tonse timayambira. Ubwino wake ukudziwika, aliyense ali nayo, bandulo yake pa TNM kapena Airtel ndi yomwe anthu ambiri amakwanitsa, ndipo yankho limabwera tsiku lomwelo. Vuto lake nloti onse omwe ali ndi nambala yako ndi anthu okudziwa, abale, anzako a ku tchalitchi, omwe munaphunzira limodzi, ndipo kwathu kuno munthu sangakuuze pamaso kuti nyimbo yako yamutopetsa, amaopa kuti mawa mukumana pa maliro kapena pa chinkhoswe. Status nayo ndi yaifupi, kale inali masekondi 30, mu 2024 anawonjezera kufika mineti imodzi, ndiye munthu amangomva poyambira, komanso mndandanda wa omwe aona uja umangokuuza kuti watsegula, sukuuza kuti wamvera, ena amangodutsa akuthamangira status ya wina. Kanema wa pa status amafinyidwanso, mawu amatsika, ndiye ngati ukufuna munthu amve mmene nyimbo ikumvekera zenizeni mutumizire fayilo yonse ngati document. Magulu aakulu aja a oimba, omwe amatha kufika anthu 1,024, ine ndinawasiya, chifukwa aliyense amalowamo kudzaponya link yake, womvera palibe, zili ngati msika womwe onse ndi ogulitsa.

Koma WhatsApp yomweyo ndi yomwe inandipatsa yankho labwino kuposa onse, nditasintha kafunsidwe. Mmalo moponyera aliyense ndinasankha anthu asanu osiyana, ndipo aliyense ndinamufunsa funso limodzi lokha loti sangayankhe ndi kachizindikiro. Azakhali anga amayimba kwaya ya amayi zaka zambiri, amenewo ndinawauza kuti azakhali, mverani kawiri, kenako mawa m'mawa munditumizire voice note mukuyimba kolasi yake osayang'ananso pa foni. M'mawa voice note inabwera, kumbuyo kukumveka madzi akuthiridwa mu ndowa, iwo akuyimba mzere woyamba bwinobwino, pofika mzere wachiwiri anangoyamba kung'ung'udza, kenako nkusiya, nkunena kuti mwanawe, apapa wakweza kwambiri, munthu wamba safikapo, komanso mawu wawapanikiza ambiri malo ochepa, ndikumva ngati ukuthamangitsidwa. Ine miyezi itatu yonse sindinaone zimenezo chifukwa ndinaizolowera, pakhosi panga panali patazolowera kukwera pamenepo. Ndinatsitsa kiyi, ndinachotsa mawu anayi, kolasi inayamba kupuma. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansiyo umayenera kumupatsa poyambira, ukangomufunsa kuti mwaiona bwanji adzati ili bho basi.

Facebook ndi ina. Kumeneko ndiye kuli anthu osakudziwa ndipo a Malawi pa Facebook sasunga mawu kukhosi, akhoza kukuvula tsiku limodzi. Ukaika kanema wako pa tsamba lako lokha amabwera ndi anthu omwe aja a pa WhatsApp, koma akagwera pa tsamba lalikulu la zosangalatsa kapena wina wodziwika akasheya, makomenti amabwera osiyanasiyana, ndipo theka lake sakamba za nyimbo, akukamba za malaya omwe wavala, khoma losapaka laimu kumbuyo kwako, ena akungokangana okhaokha. Zimawawa, makamaka ukawerenga usiku uli wekha. Koma pali zinthu ziwiri zomwe ndimatolako. Choyamba anthu a pa Facebook amakonda kufanizira, amati uyu akuyimba ngati uje, ndipo anthu asanu osadziwana akatchula dzina lomwelo dziwa kuti sunapezebe mawu akoako, ukuyendabe mu nsapato za wina, kaya ukudziwa kaya ayi. Chachiwiri ndi dandaulo lobwerezedwa, munthu mmodzi akati mawu sakumveka akhoza kukhala kuti foni yake ndi yothaitha, koma anayi akanena zomwezo bwerera ku mix, kasakanizidwe ka mawu ako ndi zida zoimbira. Nambala ya ma view ya pa Facebook yokha isakunamize, kumeneko kanema akangoyenda masekondi atatu amatha kuwerengedwa kale kuti waonedwa, ndiye masauzande aja ambiri ndi anthu omwe chala chawo chinangochedwa kudutsa. Zolipira kuti positi ifike kutali ndinayesako kamodzi, malaiki anachuluka koma palibe ndi mmodzi yemwe ananena kanthu pa nyimboyo, ndalama imeneyo bola ndikanapatsa producer.

TikTok ndiye anthu akuithamangira masiku ano ndipo chifukwa chake chilipo. Kusiyana kwake ndi Facebook nkoti kanema wako amatha kuonetsedwa kwa anthu omwe sakukutsatira nkomwe, ndiye ngakhale uli ndi otsatira makumi awiri ukhoza kumvedwa ndi munthu wa ku Mzuzu, wa ku Chipata kapena m'Malawi yemwe ali ku Johannesburg. Tonse tinaona zomwe zinachitika ndi agogo a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, nyimbo yawo ya Linny Hoo itajambulidwanso ndi Patience Namadingo mu 2020 inafalikira pa TikTok mpaka mayiko omwe samva Chichewa ndi pang'ono pomwe. Ndiye ngati funso lako ndi loti kodi kolasi yanga imagwira munthu wosandidziwa, TikTok ndi yomwe ingayankhe msanga, ndipo ine ndimadula tizidutswa titatu ta nyimbo imodzi, kolasi, pomwe beat imasintha, ndi mzere womwe ndimaukonda kwambiri, nkumaponya masiku osiyana kuti ndione kakugwira ndi kati. Osangoyang'ana malaiki, lowa pa analytics, pomwe pamaoneka ziwerengero za oonera, uone nthawi yomwe anthu akukhalitsa komanso angati aonera mpaka kumapeto, ndipo chizindikiro chenicheni ndi pomwe munthu wosamudziwa watenga sound yako nkupangira kanema wake, akuphika, akuvina, akuchapa. Amene uja wavota ndi bandulo yake.

Koma TikTok ili ndi msampha womwe ndaona ukugwira anzanga angapo. Imangoyesa masekondi 15 kapena 20, ndiye munthu akaona kuti kachidutswa kagwira amayamba kupeka tizidutswa tokhatokha, nyimbo yonse kumangokhala kolasi yobwerezabwereza yopanda nkhani, ukaimvera yonse mphindi zitatu umatopa pakati. Komanso kanema amatha kuyenda chifukwa cha gule kapena nkhope, osati nyimbo, ndipo iweyo sungasiyanitse. Nyimbo zodekha, zauzimu zosinkhasinkha, kapena za gitala zofotokoza nkhani yaitali nthawi zambiri sizichita bwino kumeneko, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti ndi zoipa. Ine ndili ndi nyimbo ya malemu bambo anga yomwe pa TikTok inangodutsa mwakachetechete, koma nditaiyimba pa mwambo wa banja amayi anatuluka panja kukapukuta misozi. Ndikanamvera TikTok ndikanaitaya. Bandulo nayo imathera kumeneko ngati madzi pa mchenga, ukalowa kukaona makomenti ako umapezeka waonera makanema a ena ola lathunthu.

YouTube ndiikhalitsa pang'ono chifukwa ili ndi chida chomwe anzanga ambiri sachitsegula. Ukaika nyimbo, dawunilodanso app ya YouTube Studio, ulowe pa kanemayo, pa analytics pali mzere womwe umasonyeza kuti anthu akuchoka pa sekondi iti. Mzerewo umayamba pamwamba nkumatsika pang'onopang'ono, zimenezo nzachibadwa, koma pomwe wagwa mwadzidzidzi ngati phompho ndi pomwe pali vuto, ndipo pomwe wakwerako pang'ono ndi pomwe anthu akubwereza kuti amvenso. Nyimbo yanga ija inali ndi intro ya kiyibodi yaitali, pafupifupi masekondi 40 mawu asanayambe, ine ndinkaikonda kwambiri chifukwa ndinaivutikira kuiphunzira. Nditatsegula mzerewo ndili mu minibasi yochokera ku Limbe ndinaona kuti wagwa koopsa ndisanatsegule nkomwe pakamwa, kutanthauza kuti anthu ambiri sanamve mawu anga ngakhale liwu limodzi, anachoka ali pa kiyibodi. Palibe mnzanga yemwe anandiuzapo zimenezo, mwina sanafune kundikhumudwitsa, mwina iwonso anachoka pomwepo. Chodabwitsa china, kumapeto kwa vesi yachiwiri mzere unakwerako, pamzere womwe ndinangouponya mothamanga ndipo ndinkafuna kuuchotsa.

Kufooka kwa YouTube nkoti mzerewo umakuuza pomwe anthu achokera koma sukuuza chifukwa chake, kaya ndi intro, kaya ndi chithunzi chosasuntha chomwe waika mmalo mwa kanema, kaya netiweki yawadukira, zimenezo uziganizire wekha kapena ukafunse anthu. Umafunanso anthu ochulukirapo aonere kuti mzerewo utanthauze kanthu, anthu khumi ndi awiri omwe theka ndi iwe wemwe ukubwereza sizingakuuze zambiri. Ndipo kunena zoona munthu wa kuno sawononga bandulo yake pa YouTube chifukwa cha woimba yemwe sanamumvepo, umachita kumukoka kuchokera ku WhatsApp kapena TikTok. Chomwe ndimachita ine pano ndi kuika nyimbo yosamaliza ngati unlisted, kuti aione okhawo omwe ndawapatsa link, nkuitumiza kwa anthu makumi angapo osiyanasiyana, ndikakonza ndimaichotsa nkuika yeniyeni.

Za SoundCloud, Audiomack ndi Spotify ndidutsa mwachangu. SoundCloud ili ndi chinthu chimodzi chokoma, munthu amatha kuika komenti pa sekondi yeniyeni ya nyimbo, ndiye akati apa bass yakwera ukuona pomwe akunena. Koma omvera a kuno kumeneko ndi ochepa, omwe anandiyankhapo ine ndi opanga ma beat a kunja, amakamba bwino za mix koma Chichewa samva, sangakuuze ngati mwambi womwe waika mu vesi wakhala pamalo pake. Audiomack kuika nkwaulere ndipo anthu amaikonda chifukwa amasunga nyimbo nkumamvera opanda intaneti, koma imakupatsa manambala, anthu salankhulako kwenikweni. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, koma sungaikeko wekha, umadutsira kwa distributor, wokutumizira nyimbo kumeneko, ngati DistroKid yemwe amalipiritsa pachaka mu madola, ndipo tonse tikudziwa kuvuta kwa kulipira za kunja masiku ano. Kumeneko stream imawerengedwa munthu akamvera masekondi 30, ndipo kuyambira 2024 nyimbo imayenera kufika ma stream 1,000 pa miyezi 12 kuti iyambe kubweretsa ndalama. Amenewa ndi malo a nyimbo yomwe yatha kuphikidwa, si malo okalawitsira ndiwo zili pamoto. Ndipo anthu omwe amakulowera ku inbox kuti tikugulitse ma stream athaweni, ndi makina omwe amamvera, nyimbo yako ikhoza kuchotsedwa, komanso umakhala wadzitsekera wekha njira yodziwira ngati anthu enieni akuikonda.

Tsopano njira yomwe ine ndimaikhulupirira kuposa zonse ilibe intaneti nkomwe. Ku Chirimba kuli achimwene ena ometa tsitsi omwe ndimametako, ali ndi sipika ya bufa yomwe imalira tsiku lonse. Loweruka lina ndinawapempha kuti achimwene, ndikutumizireni nyimbo iyi pa Bluetooth muiike pakati pa zinazo, koma musanene kuti ndi yanga. Ndinakhala pa benchi ngati ndikudikira kumetedwa, mtima ukugunda. Munali anthu asanu, mkulu wina ali pampando atamuphimba nsalu, anyamata awiri akukangana za Bullets ndi Wanderers, wina ali pa foni, ndi mayi wogulitsa mandasi ataima pakhomo ndi beseni lake. Nyimbo ya woimba wodziwika itatha inalowa yanga, ndipo chinthu choyamba chomwe ndinamva nchoti yanga yatsika, ngati wina wachepetsa volyumu, mpaka achimwene aja anatambasula dzanja kukweza. Atakweza bass inameza mawu, zomwe pa mahedifoni anga zinkamveka bwinobwino apa zinali chiphokoso cha m'mimba mwa sipika. Anyamata a mpira aja sanasiye mkangano. Koma kolasi itafika ndinaona phazi la mkulu wa pampando uja likugunda pansi pa nsalu, ndipo mayi wa mandasi pochoka anatuluka akung'ung'udza mzere woyamba, ali kale panjira. Mphindi zitatu zimenezo zinandiuza zinthu zitatu, master yanga, kukonza komaliza kwa kamvekedwe ka nyimbo, ndi yofooka, bass yachuluka, kolasi ili moyo.

Ubwino wa njira imeneyi ndi woti anthuwo sakudziwa kuti akufunsidwa, ndiye palibe zaulemu, thupi lawo ndi lomwe likuyankha. Komanso ukumvera nyimbo yako pa sipika zomwe anthu enieni adzaimverepo, chifukwa kuno ochepa ndi omwe ali ndi mahedifoni abwino, ambiri ndi kasipika ka foni komwe bass yakuya sikaitulutsa nkomwe, kapena bufa ya pa shopu, kapena sipika za mu minibasi zong'ambika. Ngati uli ndi dalaivala womudziwa wa ku Machinjiri kapena Chilobwe mupemphe aiike ulendo umodzi iwe uli mpando wakumbuyo. DJ wa pa maukwati ndi ma bridal shower nayenso ndi dokotala wabwino wa nyimbo zovinika, iye ntchito yake ndi kuyang'ana miyendo ya anthu, makamaka nthawi ya perekaniperekani, amadziwa nyimbo yomwe imadzutsa anthu ndi yomwe imawakhazika pansi. Mmodzi anandiuza atangomva theka kuti mphwanga, iyi singailowetse pakati pa amapiano, liwiro lake lili pakatikati, si yovina si yokhala, sankha kumodzi. Kuipa kwake nkoti anthuwo ndi ochepa, tsiku lina ukhoza kungopeza gulu lomwe silikonda chamba chako, ndiye usagamule ndi ulendo umodzi, komanso DJ amayeza chilichonse ndi gule, nyimbo yolira sungamufunse iye.

Kuyimba pamaso pa anthu ndi m'bale wake wa njira yomweyi, koma kumafuna chiwindi. Ku Jacaranda Cultural Centre mu Blantyre kumachitika zoimbaimba za Sounds of Malawi komwe anthu amakhala pansi nkumamvera zenizeni, ndipo ngakhale usanafike pa mlingo woitanidwa, kupita kukaonera kokha umaphunzira kuona pomwe anthu amasiya kuyankhulana nkutchera khutu. Ku tchalitchi, pa gulu la achinyamata, ngakhale pakhonde ndi gitala madzulo, nyimbo yopanda beat imaonekera mafupa ake. Ikayima yokha ndi mawu ndi gitala ndiye kuti ndi nyimbo, ikagwa ndiye kuti ankaigwirizira ndi producer.

Ponena za ma producer, iwowa ndi oimba anzathu amamva zomwe wamba samva, akuuza kuti mawu achoka pa kiyi pa mzere wakuti, ng'oma ikulimbana ndi bass, reverb yachuluka. Pa zaluso ngati zimenezi palibe wowaposa, ndipo kumulipira producer kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akhale nawe theka la ola akumvera pa ma monitor ake, sipika za mu studio zija, ndi ndalama yomwe sindinanong'onezepo nayo bondo. Koma dziwa kuti naye ali ndi zake, wina amangofuna ukajambulenso kwa iye ndiye chilichonse chomwe wapanga kunyumba chimakhala cholakwika, wina amafuna nyimbo iliyonse imveke ngati zomwe iye amapanga. Ndinapitapo kwa wina ndi nyimbo yomwe ndinaika ng'oma za manganje pansi pake, iye nkuti chotsa izi, ika za masiku ano, koma ng'omazo ndi zomwe zinandipangitsa kupeka nyimboyo. Ndinaphunzirapo kuti munthu akakuuza pomwe pakupweteka umumvere, chifukwa nthawi zambiri amalondola, koma mankhwala omwe akukupatsa uyambe waganiza kaye. Vuto lenileni linali loti ng'omazo ndinazijambula moipa, zinkamveka ngati zidebe, nditazijambulanso ndi munthu wodziwa kuomba zinakhala bwino osachotsa kanthu.

Mawayilesi ngati MBC Radio 2, Capital FM, Times Radio, MIJ FM kapena Ndirande FM ndi gawo lomaliza, kumeneko umapita ndi nyimbo yomaliza, fayilo yabwino, dzina lako ndi la nyimbo zitalembedwa mkati mwa fayiloyo. Owulutsa mawu amamva nyimbo zatsopano zambirimbiri, ndiye akakupatsa mphindi zisanu zokuuza maganizo awo uzigwiritse ntchito, ndipo omvera akayamba kuipempha okha osati azibale ako omwe wawatuma, limenelo ndi yankho lomwe silinama. Koma usanafike kumeneko, ngakhale usanaimwaze pa WhatsApp, ganizira za umwini. Nyimbo ikangotuluka m'manja mwako imayenda yokha, mawa uipeza pa memory card ya ku burning centre ku msika wa Ndirande italembedwa Track 07, yopanda dzina. Sunga ma project file ako, ma voice note oyambirira omwe unkaipekera okhala ndi madeti, ndipo pa nyimbo yoyesera tchula dzina lako mkati mwake. Bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso la COSOMA lilipo kuyambira 1992, ndipo lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi la 2016, ukalembetsa ngati membala nkulembetsa nyimbo zako ndi pomwe ungadzalandire kangachepe zikamaseweredwa pa wayilesi. Mafana ambiri amaganiza kuti zimenezi ndi za otchuka okha, koma nthawi yolembetsa ndi pomwe nyimbo isanatchuke.

Ndiye mukandifunsa kuti mwa zonsezi nditenge iti, ine ndimayang'ana kaye kuti nyimbo ili pati. Ikadali ya gitala ndi mawu okha ndimapita kwa azakhali ndi anthu anga asanu a pa WhatsApp, aliyense funso lake, wina kolasi, wina kuti wamva nkhani yanji, wina kuti mawu ati sanamveke. Ikajambulidwa koma isanapite ku master ndi nthawi ya producer ndi kometera tsitsi, chifukwa kukonza kukadali kotchipa. Kenako YouTube ya unlisted kuti ndione pomwe anthu akuthawira, TikTok kuti ndidziwe kachidutswa kokokera anthu, Facebook ndi ma Audiomack pomaliza penipeni nditalimba mtima kuti sindisinthanso. Kale ndinkayambira kumapeto, kuimwaza paliponse tsiku lomwe ndamaliza, mayankho othandiza akamabwera nkuti nyimbo ili kale m'mafoni a anthu ndi zolakwika zake zomwe. Wopanda bandulo yokwanira asadandaule kwambiri, njira ziwiri zomwe zinandithandiza kuposa zonse, voice note ya azakhali ndi benchi ya ku Chirimba, zinandidyera ndalama ya minibasi yokha.

Chinanso chomwe ndinasiya ndi kuwerenga makomenti tsiku lomwe ndaponya nyimbo. Tsiku limenelo khutu limakhala lotupa, woyamikira umamukhulupirira kwambiri, wodzudzula umamuda. Ndimadikira masiku atatu, kenako ndimatenga kope nkulemba zokhazo zomwe zatchula malo enieni mu nyimbo, zina zonse za moto ndi zonyoza ndimazisiya pomwepo. Zomwe zanenedwa ndi anthu atatu osadziwana ndimazigwirira ntchito, zomwe wanena mmodzi ndimazisunga, ndikadzazimvanso kwina mpomwe ndimabwererako. Ndipo pali zina zomwe ngakhale anene anthu khumi sindisintha, ngati mzere wa mu nyimbo ya bambo anga womwe ena akuti ndi wautali, chifukwa ndi mmene iwo ankayankhulira.

Nyimbo ya chaka chatha ija pano ili ndi intro ya masekondi 8, kiyibodi yomwe ndinkaikonda ndinaisunthira pakati pomwe vesi yachiwiri yathera, bass inatsitsidwa, ndipo mzere womwe ndinkafuna kuchotsa uja ndi womwe ukutsegula nyimbo. Ndili ndi ina yatsopano yomwe ndapanga mitundu iwiri, wina wothamanga wina wodekha, ndipo sindinasankhebe. Loweruka likudzali ndapangana ndi achimwene a ku Chirimba kuti aike wothamangawo m'mawa anthu akachuluka, wodekhawo madzulo, ine ndikakhala pa benchi pomwe paja ndi kope langa m'thumba.